Mjigo wa M'dimba la Amalume

Tsiku limene bwana wathu anandiponyera patebulo mlandu wa Immaculate Fanuel, ndinagwira nkhope kuti isaseke, koma mtima wokha unavina. Mkazi ameneyu sindinkamufuna, ndipo sindibisa. Tinaphunzira limodzi ku sekondale, iye kutsogolo ine kumchira, ndipo moyo unapitiriza ndondomeko yomweyo. Ine, Sajeni Juliana Symon wa kupolisi, ndimayenda pa Ngabu pakabaza, fumbi mpaka m'makutu. Iye ankadutsa pagalimoto ya bungwe la Chitsime Chathu, magalasi otseka, akupuma kamphepo kozizira mwezi wa Okutobala ife tikupsa.

Zonsezo ndikanazimeza. Chinandikwiyitsa n'chakuti tsiku lina paukwati, mwamuna wanga Dennis anamuperekeza ndi maso n'kunena kuti mtsikana ameneyu anabadwa ndi mutu. Ine ndinaona kumene maso akewo analoza, ndipo sikunali kumutu. Titafika kunyumba ndinatenga foni yake n'kusintha dzina la hotisipoti, lija limaoneka pafoni ya aliyense amene akusaka intaneti pafupi. Ndinalemba kuti "Mwamuna wa Juliana". Dennis anaseka mpaka misozi, nati ndavutikira chabe, chifukwa iye bandulo yake sagawana ndi munthu. Apo sananame. Amagula thonje pamsika wa Ngabu, koma pasiwedi yake ngakhale ine amandipatsa akudandaula ngati ndam'pempha impso.

Mlandu unali wotere. Anthu a m'mudzi wa Nyambiro anasamukira kumtunda madzi osefukira atawagumulira nyumba, ndipo bungwe la Immaculate linawalonjeza mjigo wa sola. Mjigowo unakumbidwadi, thanki n'kukwezedwa, koma osati kumtunda. Unakumbidwa kumabwinja, kumunsi kumene anachokako, pakati pa dimba la a Chancy, amalume ake a Immaculate. Azimayi akumtunda anapitiriza kukatunga kumtsinje kumene ng'ona sizipita kutchuthi. Akuluakulu a bungwelo ku Blantyre anati uku ndi kuba, ndipo Immaculate, amene ankayang'anira ntchitoyo, anali kale m'chitokosi chathu.

Ndinayamba ndi wokumba.

Lorenso ndinam'peza kudimba komweko, atakhala pamthunzi wa thanki akupukuta zitsulo zake. Ndi bambo wamfupi, wa mawu okandakanda, ndipo Chichewa chake chimatsetserekera ku Chisena akangotenthedwa mutu.

"Ine nkhabe kulakwa, mayi, sindinalakwe," anatero ndisanakhale n'komwe pansi. "Ine ndimatsata manambala. Andipatsa pepala la lipoti, ndalowetsa manambala m'kachipangizo kanga, kandibweretsa pano. Basi."

Ndinam'funsa ngati sanadabwe kukumba mjigo pamalo popanda nyumba ndi imodzi yomwe. Anati anadabwa zedi, chifukwa iye si mwana, ndipo chimanga sichitunga madzi ndi ndowa. Anaimika makina n'kuimba foni kuofesi. Immaculate sanam'peze, anali kumsonkhano ku boma. Anayankha ndi Humphrey, wachiwiri wake.

"Anati chiyani?"

"Anati, a Lorenso, chimene chatuluka mu lipoti n'chimene abwana Immaculate avomereza, inu kumbani. Ine ndinati pyadidi, chabwino. Ndinakumba."

Ndikunyamuka, anandiitananso. Anati chinam'dabwitsa china n'chakuti mwini dimba, a Chancy, atabwera n'kupeza makina m'chimanga mwawo, sanasangalale ngakhale pang'ono. Anatukwana, nati mwana wa mlongo wawoyo wawatumizira chitsulo kuti boma lidzawalande munda. Ndinazilemba, koma sindinazilabadire. Ndinali nditasankha kale wolakwa wanga.

Ofesi ya Chitsime Chathu ndi nyumba ya malata kuseri kwa msika, yotentha ngati uvuni wa njerwa. Humphrey anandilandira atavala tayi, ndi kutentha konseko. Ndi Mmang'anja wa kwa Katunga, wolankhula mosamala, mawu aliwonse amayamba wawasita.

Anandifotokozera mmene amagwirira ntchito, ndipo anafotokoza bwino, ndim'patse zake. Ali ndi foda imodzi ya pa intaneti imene onse amasungamo mapulani a ntchito: mjigo uti, malo ati, tsiku liti. Ndiye pali pulogalamu ya malipoti imene m'mawa wa tsiku lililonse la ntchito imapita yokha kufodako, n'kutenga failo imene yapezako, n'kutulutsa malipoti opita kwa abwana ndi kwa okumba. Pulogalamuyo ili ngati mwana wotumidwa kuchitsime: amatunga zimene wapeza, safunsa amene wavundula madzi.

"Koma foda ija siiwala," anatero, akutembenuzira kompyuta kwa ine. "Onani. Pulani ya Nyambiro inalowa yosinthidwa Loweruka masana, m'dzina la Immaculate. Manambala akumtunda anachotsedwa, n'kuikapo akumabwinja. Lolemba pulogalamu inangokoka."

Sindinam'funse komwe iye anali Loweruka, koma anandiuza. Anali kumsonkhano wa makwaya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, iye ndiye ankaimbitsa, ndipo mpingo wonse ndi mboni. Anandionetsanso zithunzi.

Kenaka anamasula tayi pang'ono, ndipo zamumtima zinatuluka. Anati iye anayamba ntchito pabungwepo Immaculate akadali pasukulu. Anam'phunzitsa yekha kutsegula foda imeneyi. Udindo utatuluka, anapatsa mtsikanayo, iye n'kutsala wolondera ofesi. Ngakhale Lachisanu la sabata yomweyo, onse anakwera galimoto kupita kumudzi, iye n'kumusiya ndi makiyi a kachipinda kosungiramo malaputopu, kokhala ndi fani ndi sola, chifukwa makina amenewa ukapita nawo padzuwa la kuno amakomoka.

"Ine ndine mlonda wa mabatire, mayi Sajeni," anatero akuseka mowawa. "Koma Mulungu ndi wamkulu. Munthu wakumbira mjigo m'dimba la amalume ake, dimba limene mawa lidzakhala lake. Pamenepa pakufunikanso wapolisi?"

Ndinam'mvera chisoni, ndipo ndinam'mvetsa kuposa mmene iye ankaganizira. Ndinatuluka ndikumva ngati ndapeza m'bale wanga.

Immaculate ndinam'tulutsa m'chitokosi masana, n'kum'khazika pabenchi moyang'anana nane. Ndinkayembekezera kuona munthu wofwifwa. Ayi ndithu. Tsitsi losapesa, mapazi opanda nsapato, koma khosi lili chilili, ndipo zimenezo zinandipsetsanso mtima.

Anakana zonse ndi mawu ofatsa. Anati pulani imene iye anaika m'foda inali ya kumtunda, ndipo Lachisanu anatha tsiku lonse ndi azimayi a kumeneko akusankha poika mpopi. Laputopu anaisiya kuofesi monga amachitira onse, n'kuitenga madzulo pobwerako. Kabokosi ka intaneti kakuofesi kanapsa kalekale, kotero aliyense amadalira foni yake, ndipo iye sabata imeneyo bandulo inali itamuthera.

"Ndiye failo inakwera bwanji Loweruka?" ndinafunsa. "Inauluka?"

"Sindikudziwa."

"Loweruka masana unali kuti?"

Apa ndi pamene anasiya kundiyang'ana. Anayang'ana khoma, kenaka zala zake.

"Kunyumba."

"Ndi ndani?"

"Ndekha."

Pantchito yanga ndaona anthu ambiri akunama, ndipo uyu ananama moipa, ngati munthu wosazolowera. Ndinamuuza kuti popanda mboni akupita kukhoti, ndipo ntchito, galimoto ndi dzina zonse zitsalira pakhomo la ndende. Anati ngati ndi choncho, zikhale choncho. Ndinam'funsa za dimba, ndikufuna kum'baya nalo. Anandiyang'ana modabwa.

"Juliana, ndiwe mwana wa Asena ngati ine. Dimba la amalume lingakhale langa liti?"

Ndinam'bwezera m'chitokosi, koma mawu amenewo anandipeza pabwino.

Pakabaza popita ku Nyambiro ndinkangowatembenuza. Kwathu kwa Asena, mwana ndi wa kwa bambo. Mayi ako analowoledwa, anachoka kwawo, ndipo munda wa amalume ndi wa ana a amalumewo; iwe ukapitako ndiwe mlendo, amakuphera nkhuku n'kukuperekeza. Amene amalowa m'munda wa amalume ndi Amang'anja, kumene mbumba imatsata mayi. Munthu wa Chisena wofuna kudzibera mjigo sangaukumbe kwa amalume, n'chimodzimodzi kuba mbuzi n'kukaimanga m'khola la mnansi. Ndinakumbukiranso a Chancy akutukwana m'chimanga mwawo. Amene anasankha dimba limenelo anaganiza Chimang'anja, ndipo m'makutu mwanga munamveka mawu osita bwino aja: dimba limene mawa lidzakhala lake.

Sindinasangalale nazo. Ndinkafuna ndithu kuti ndikhale ndalakwitsa.

Kumtunda ndinapeza mayi Evelesi, wapampando wa komiti ya madzi, akutula ndowa pamutu atachokera kumtsinje. Ndi mayi wamkulu thupi, wolankhula ngati akukangana ngakhale akukupatsa moni.

"Immaculate mwam'tsekera? Mwachita bwino, mutitsekerenso ife, mwina kundende kuli mpopi," anatero. Koma nditafunsa za Lachisanu, anaima kaye. Anati mwana ameneyo anafika dzuwa lisanakwere, anayenda nawo mudzi wonse, anadya nawo masau pansi pa mtengo, ndipo anakhoma yekha chikhomo pamalo a mpopi. Anandikokera pamalopo kuti ndione. Chikhomo chinalipo, chomangidwa kansalu kofiira. M'manja mwake tsiku limenelo munalibe kompyuta, munali nyundo.

"Munthu wofuna kutibera akanadzipsereza khungu tsiku lonse chifukwa chiyani?" anandifunsa. Ndinabwerera ku Ngabu ndi mutu wolemera.

M'mawa mwake kunafika mayi Rosa, amene amayang'anira makompyuta a bungwelo ku Blantyre. Anali wamagalasi, wosaseka, ndipo ankangodzikupiza ndi katoni akufunsa kuti anthu timakhala bwanji kuno. Ine ankangondidziwa kuti Sajeni Symon. Ndinam'patsa laputopu ya Immaculate imene tinalanda, ndipo pasiwedi sanafunse, chifukwa ndi imodzi pamakina onse a ofesiyo. Anati anawauza kalekale kuti asinthe, koma anthu akumudzi samva.

Anagogoda kanthawi, kenaka anandiitana kuti ndiyandikire.

Anati anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Pali nthawi imene munthu wasintha failo, ndipo pali nthawi imene failoyo yakwera kupita kufoda. Laputopu ikakhala yopanda intaneti, ukhoza kusintha pulani n'kutseka, osaona chilichonse. Kusinthako kumangokhala phee m'katimo kudikira. Tsiku limene laputopuyo idzanunkhize intaneti, imatumiza yokha, m'dzina la mwini wake, ngakhale iye atatsegula kuti angoonera kanema. Foda imalemba tsiku lofika, osati tsiku lochimwa.

"Ndiye iyi inasinthidwa liti?"

"Lachisanu, chakumasana."

Lachisanu chakumasana Immaculate anali akukhoma chikhomo ku Nyambiro. Laputopu yake inali m'kachipinda ka fani, ndipo makiyi anali ndi mlonda wa mabatire, amene anandiuza yekha ndi pakamwa pake pofuna kuti ndimumvere chisoni. Anatchera msampha Lachisanu, n'kupita kukaimbitsa kwaya Loweruka kuti mpingo wonse umuone.

Ndinati ndiye kwatha. Rosa anapukusa mutu. Anati wotchi ya laputopu munthu akhoza kuibweza m'mbuyo, ndipo loya aliyense wa Humphrey adzanena kuti Immaculate anasintha Loweruka n'kunamiza tsiku. Chofunika ndi munthu amene anali naye pamene laputopuyo inalumikiza, woti adzalumbire kuti mayiyo sanakhudze pulani. Ndinamuuza kuti mwini wake akuti anali yekha, ndipo analibe bandulo.

"Ndiye inakoka kwa wina," anatero Rosa. "Makinawa amakumbukira foni iliyonse imene anapatsidwapo pasiwedi. Akaimva pafupi, amalumikiza okha osapempha."

Anagogodanso. Ine ndinkayang'ana panja, kumene mbuzi inkalimbana ndi katoni, ndikuganiza kuti tsopano ndidziwa chibwenzi cha namwali wathu wa pagalimoto. Ndinali nditakonzeka kale kukasimbira anzanga.

"Nayi," anatero. "Loweruka masana. Ndipo sikoyamba, yakhala ikulumikiza pafoni imeneyi kuyambira mwezi wa Juni, kawirikawiri Loweruka." Anasendeza magalasi n'kuwerenga pang'onopang'ono. "Mwamuna wa Juliana. Anthu ali ndi mayina kunja kuno. Kodi Juliana ameneyu mungam'dziwe, a Sajeni?"

Loweruka limenelo Dennis ananyamuka m'mawa, nati akupita kwa Chapananga kukaona mbuzi zogula. Anabwerako wopanda mbuzi, nati zinali zowonda. Ndinam'tenthetsera madzi osamba. Akulu anati khoswe wapadenga adaulula wapadzala, ndipo msampha wa Humphrey unagwira ndi nyama imene iye sankaidziwa n'komwe.

Rosa ankadikira yankho. Ndinaona njira yonse ili poyera, yosalala. Ndikanangonena kuti a Juliana pa Ngabu ndi ambiri, munthu ameneyu sangapezeke. Rosa akanakwera basi kubwerera kwawo kozizira. Immaculate sakanatsegula pakamwa, ndinali nditaona kale kuti wasankha ndende kusiyana n'kunditchulira dzina limenelo pamaso. Akanapita kukhoti wopanda mboni, ndipo ine ndikanakhala pabenchi lakutsogolo, nditavala yunifolomu yosita. Ndinazilakalaka zimenezo. Ndinazilakalaka mpaka mano anandiwawa.

Koma ndinaonanso mayi Evelesi ndi ndowa yawo, ndi tayi ya Humphrey ikukwera pampando wa Immaculate. Ndinazindikira kuti ine ndi bambo ameneyo tikudwala matenda amodzi, kungoti iye anayamba kale kuluma anthu.

"Ndikum'dziwa," ndinatero. "Ndi mwamuna wakeyo ndikudziwa kumene amakhala."

Humphrey tinakam'tenga asanadye nkhomaliro. Poyamba anatulutsanso zithunzi za kwaya, koma nditam'funsa za Lachisanu ndi makiyi, mawu osita aja anatha. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Tili m'njira anangonena chimodzi, osayang'ana munthu: kuti iye sanafune mjigo, sanafune kanthu, ankangofuna kuti mtsikanayo alawepo kutsalira. Ndinamuuza kuti ulendo wina akafuna kunamizira Msena, ayambe wafunsa kuti munda umayenda bwanji kwawo.

Bwana wathu ndinamuuza zonse, chifukwa zotere sizibisika. Anakanda m'mutu, nati mlanduwo aupereka kwa wapolisi wina, koma mboniyo ndikaibweretse ndine, popeza ndikudziwa njira. Kenaka anandipatsa makiyi a chitokosi.

Immaculate anatuluka akuphethira ndi kuwala. Ndinam'patsa nsapato zake ndi lamba. Atawerama kuti avale, ndinamuuza kuti laputopu yake yalankhula zimene iye anakana kulankhula. Manja ake anaima pa chingwe cha nsapato.

"Juliana..."

"Usanditchule. Dzina limenelo waliwerenga mokwanira."

Anatuluka pageti wapansi, padzuwa, ngati ife tonse. Ndinkaganiza kuti kumuona choncho kundikoma, koma sikunandikome.

Dennis ndinam'peza pakhonde kunyumba, atavula malaya, foni ili m'manja. Atandiona anamwetulira, nafunsa ngati mbava yanga yavomera, popeza ndinali nditam'simbira mlanduwo masiku onsewa, iye n'kumangogwedeza mutu akutafuna. Masiku onsewa ankadziwa kumene mkaziyo anali Loweruka, ndipo anam'siya agone pasimenti. Chodabwitsa n'chakuti zimenezi zinandinyansa kuposa zinazo.

Sindinalowe m'nyumba. Sindinavule chipewa. Ndinaima pabwalo, pamene ndimaima ndikafika pakhomo la munthu wachilendo.

"Bambo," ndinatero, "valani malaya. Mukufunika kupolisi, mukapereke umboni."

"Umboni wa chiyani, Julie?"

"Wa mbuzi za kwa Chapananga. Foniyo musaizimitse, ikupita nafe."

Anayang'ana foni, anayang'ana ine, ndipo kumwetulira kuja kunatsika pang'onopang'ono. Anavala malaya mabatani osemphana. Tinayenda kudutsa pamsika, iye kutsogolo ine kumbuyo, anthu akutipatsa moni ngati banja lopita kutchalitchi. Titafika pakauntala, mnzanga wolemba anakweza cholembera n'kundifunsa mwamwambo kuti mboniyi ndi ndani.

"Afunseni okha," ndinatero. "Dzina limene ndinkawadziwa nalo ine latha ntchito."